Supu ndi msuzi kwa odya moyeza: mafunso ndi mayankho

Munthu akapezeka ndi matenda a shuga, kapena akauzidwa kuti achepetse thupi chifukwa cha BP, amachoka kuchipatala ndi malamulo a muyezo: nsima isapitirire apa, nyama ikhale chonchi, masamba achuluke. Malamulowa savuta kutsatira chakudya chikakhala chouma, chilichonse chili pambali pake. Amasokoneza chakudya chikabwera chamadzimadzi, nyama, mbatatesi, tomato ndi mafuta zonse zili m'bakuli imodzi. Ena amangosiya supu chifukwa cha mantha, ena amamwa osawerengera poganiza kuti ndi madzi. Onsewa akulakwitsa, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri pa nkhaniyi.

Andipatsa muyezo wa mbale yogawa patatu. Nanga supu alowa mbali iti?

Muyezo umene zipatala zambiri zimaphunzitsa, womwenso bungwe la American Diabetes Association limalimbikitsa, ndi wa mbale ya masentimita pafupifupi 23 kukula kwake. Theka la mbaleyo likhale masamba monga mpiru, chisoso, bonongwe, kabichi kapena therere. Theka linalo muligawe pawiri: mbali imodzi ya nyama, nsomba, mazira kapena nyemba, mbali inayo ya zokhutitsa monga nsima, mpunga, mbatata kapena chinangwa. Palinso muyezo wa manja umene Dr Kazzim Mawji anayambitsa ku Zimbabwe mu 1993, wotchedwa Zimbabwe Hand Jive, ndipo unafalikira mpaka ku Canada: zokhutitsa muziyeza ndi chibakera chanu, nyama ndi chikhatho, masamba ndi manja awiri odzaza, mafuta ndi nsonga ya chala chachikulu.

M'miyezo iwiri yonseyi supu alibe malo akeake, ndipo sayenera kukhala nawo. Zimene zili m'supumo ndi zimene zimapita ku mbali zawo. Kabichi wa m'supu ndi wa ku theka la masamba. Ntchafu ya nkhuku ili m'supu yatenga kale malo a nyama. Mbatatesi yomwe yamira pansi pa bakuli yadya gawo la nsima. Mukayang'ana supu muzidzifunsa kuti, nditatsanula madzi onsewa n'kuyala zotsalazo pa mbale, chingakhale pati chilichonse? Yankho la funso limeneli ndiye muyezo wanu.

Koma msuzi wokhawokha, wopanda nthuli, si madzi chabe?

Ungakhale madzi chabe mukanawiritsa masamba kapena nkhuku yosenda khungu m'madzi osathira kanthu. Msuzi wotero uli ndi mphamvu zochepa kwambiri, ndipo sukweza shuga. Koma si mmene timaphikira. Timayamba ndi mafuta m'poto, kenako anyezi, tomato, mchere, mwinanso kakyubu ndi ufa wokometsera. Zonsezi sizikhala m'nthuli, zimakhala m'msuzi. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pomwe ya sitachi ili ndi 4, ndiye supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira imakwana makalori pafupifupi 120. Mafuta aja ofiira amene amayandama pamwamba pa msuzi wa nyama, amene ambiri timati ndiye kukoma kwake, akhoza kukhala ndi mphamvu zoposa za nthuli imene mwapatsidwa. Munthu amene wakana nthuli yachiwiri n'kupempha msuzi wowonjezera nthawi zambiri wakana chinthu chabwino n'kutenga choipa.

Ndiyeza bwanji zinthu zomwe zasakanikirana kale?

Yezani zisanalowe m'poto. Pamenepo chilichonse chikuoneka, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta. Tiyerekeze kuti mukuphikira anthu anayi. Mwaika zidutswa zinayi za nkhuku, chilichonse chokwana chikhatho. Mbatatesi ziwiri zazikulu ngati chibakera. Theka la kabichi. Tomato atatu, anyezi mmodzi, ndi masupuni aakulu awiri a mafuta. Gawo lanu ndi limodzi mwa magawo anayi a potoyo: chidutswa chimodzi cha nkhuku, theka la mbatatesi, masamba okwanira, ndi theka la supuni ya mafuta. Apa nyama yakwana, musawonjezere dzira kapena usipa pambali. Zokhutitsa zafika theka la muyezo wanu, kotero nsima kapena buledi wodyera supuyo akhale theka la chibakera basi. Mukanaika mbatatesi zinayi, ndiye kuti supuyo ndi chakudya chathunthu, wosafunanso nsima.

Chotsala ndi kudziwa kuti gawo limodzi mwa anayi limakwana bwanji m'bakuli yanu. Chitani izi kamodzi kokha: tengani kapu ya mamililita 250, muone kuti chipande chanu chopakulira ndiwo chimadzaza kapuyo mukatunga kangati, kenako muone kuti bakuli yanu imalowa makapu angati. Mabakuli ambiri a masiku ano amalowa makapu awiri kapena kuposa, ndipo anthu amadabwa akazindikira kuti chimene amachitcha “kasupu pang'ono” ndi theka la lita. Mukadziwa zimenezi, muzidyera m'bakuli yomweyo nthawi zonse. Popakula, takasani kaye, chifukwa mafuta amakhala pamwamba, zolemera zimakhala pansi. Wopakuliridwa koyamba osatakasa amamwa mafuta a banja lonse, wotsiriza amakumana ndi mbatatesi zonse.

Sikelo ya kukhitchini ndi yabwino kwa amene ali nayo, makamaka obaya insulini mowerengera magalamu a sitachi. Koma kwa ambiri, kapu imodzi yodziwika kukula kwake ndi chizolowezi chowerenga zolowa m'poto n'zokwanira.

Supu wa nyemba ndimuwerengere ngati ndiwo kapena ngati chokhutitsa?

Mbali zonse ziwiri. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsidwa ku Malawi, nyemba zili ndi gulu lawolawo, ndipo anthu ambiri amazitenga ngati zolowa m'malo mwa nyama. N'zoona, zili ndi mapuloteni. Koma theka la kapu ya nyemba zophika lili ndi magalamu pafupifupi 20 a sitachi, kuposa mapuloteni ake omwe ndi magalamu 7 kapena 8. N'chimodzimodzi ndi khobwe, nandolo, nzama ndi mphodza. Ubwino wake ndi woti sitachi wa nyemba amalowa m'magazi pang'onopang'ono, motero nyemba ndi chakudya chabwino kwa wodwala shuga, ndipo palibe chifukwa choziopera. Chofunika ndi kuchepetsa nsima tsiku la nyemba. Kapu yodzaza ya nyemba za msuzi wokhathamira pamodzi ndi mitanda iwiri ya nsima ndi zokhutitsa pamwamba pa zokhutitsa. Chipere, chomwe ndi nyemba zochotsa makoko n'kuzipota, chimafuna kusamala koposa chifukwa n'chosalala, chimatsika msanga, ndipo munthu sazindikira kuti wadya chochuluka bwanji.

Zinanso zimene zimabisala m'supu ngati masamba koma zili za ku mbali ya zokhutitsa ndi chimanga chachiwisi, nsawawa, nthochi zophika, mbatata ndi chinangwa. Mbalagha ya ku Karonga, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama, ndi chakudya chokwana pachokha. Dzungu lili pakatikati: sitachi wake ndi wochepa poyerekeza ndi mbatata, koma supu wa dzungu wokhathamira muzimuwerengera ndithu.

Ndachepetsa nyama ndi mafuta, koma shuga sakutsika. Kodi msuzi ungakhale chifukwa?

Ili ndiye funso limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse kwa ife odya nsima, ndipo mabuku ochokera kunja salikhudza chifukwa kumeneko supu amamwa ndi supuni. Kwathu kuno msuzi ntchito yake ndi kutsitsa nsima. Msuzi ndi msewu wa mbamu: ukakhala wambiri ndi wokoma, nsima imayenda mosavuta. Taonani mmene anthu amadyera. Nthuli imasungidwa pambali mpaka kumapeto, dzanja limangopita ku nsima, kusunsa, kukamwa, kubwereranso. Msuzi ukatsala m'mbale nsima itatha, munthu amaitanitsa mtanda wina kuti “msuziwu usatayike”. Nsima ikatsala msuzi utatha, amapempha msuzi. Ziwirizi zimaitanizana mpaka mimba itakana. Ndi chifukwa chake munthu akhoza kulumbira kuti amadya nthuli imodzi yokha, n'kukhala akunena zoona, koma shuga wake osatsika. Chimene chikukweza shuga si msuziwo, ndi mitanda itatu imene msuziwo waperekeza.

Njira yake si kudya nsima youma, chifukwa palibe amene angapirire zimenezo kwa mwezi. Yambani mwaika nsima ya muyezo wanu m'mbale yanuyanu, ndipo mbale yaikulu ya nsima ikhale kutali ndi dzanja lanu. Msuzi muthire wokwana nsimayo. Ukatsala, umweni ndi supuni kapena muusakanize ndi masamba, osati kuitanitsa mbamu ina. Ndipo yesani kuyamba ndi masamba ndi nyama, nsima ibwere pambuyo. Pali kafukufuku woonetsa kuti kudya motsatana chonchi kumachepetsa kukwera kwa shuga mukatha kudya. Anthu ena amapeza kuti therere limawathandiza poti lili ndi mafuta ochepa kapena lilibiretu, koma therere nalo limatsitsa nsima mofulumira kuposa ndiwo ina iliyonse, ndiye muyezo wa nsima ukhale woikiratu.

Izi zikukhudzanso buledi. Supu wa masamba wopanda vuto lililonse amasanduka chakudya cholemera mukamudyera zidutswa zinayi za buledi woyera, poti chidutswa chilichonse chili ndi magalamu pafupifupi 15 a sitachi.

Ndinamva kuti kumwa supu musanadye kumachepetsa njala. N'zoona?

N'zoona, supuyo akakhala wopepuka. Barbara Rolls, katswiri wa kadyedwe pa yunivesite ya Penn State ku America, anachita kafukufuku wodziwika bwino mu 1999. Amayi anapatsidwa chakudya cha nkhuku ndi mpunga m'njira zitatu asanadye nkhomaliro: chouma, chouma pamodzi ndi tambula ya madzi akumwa, komanso chophikidwa ngati supu ndi madzi ochuluka chimodzimodzi ndi a m'tambula aja. Mphamvu za chakudyacho zinali zofanana m'njira zonse. Atamwa supu, amayiwo anadya nkhomaliro yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Madzi akumwa pambali sanasinthe kanthu. Mu 2007 Rolls ndi mnzake Julie Flood anapezanso kuti kuyamba ndi supu wa masamba wopepuka kunachepetsa mphamvu za chakudya chonse cha nthawiyo ndi 20 peresenti.

Tanthauzo lake kwa munthu wodya moyeza ndi lakuti supu akhoza kukhala mnzanu. Chovuta kwambiri pa muyezo ndi kudzuka pa mphasa m'mimba mukumva ngati simunadye. Kapu ya supu wa kabichi, tomato, anyezi, karoti pang'ono ndi zitheba, wothira mafuta ochepa, imadzaza malo amene nsima yochotsedwa ija yasiya. Supu wotero mumuwerengere ku theka la masamba. Zimenezi sizigwira ntchito pa supu wothira kirimu, majarini kapena nsinjiro zambiri. Nsinjiro n'zabwino m'thupi, koma pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndiye ndiwo zotendera muzizitenga kuti zatenga kale gawo la mafuta la chakudyacho.

Nanga supu wa m'mapaketi ndi timakyubu tokometsera?

Apa nkhani yaikulu ndi mchere. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Pafupifupi theka la kulemera kwa kakyubu kokometsera ndi mchere. Ufa wa supu wa m'paketi nawo nthawi zambiri ndi sitachi wa chimanga kapena ufa wa tirigu, mchere, mafuta, zokometsera, mwinanso shuga. Tiufa timene timabwera m'paketi ya soya pieces tilinso m'gulu lomweli. Ambiri timathira izi pamwamba pa mchere wa masiku onse, osachepetsako.

Nkhaniyi si yaing'ono kwathu. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika ku Malawi mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo 5.6 peresenti anali ndi matenda a shuga. Matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi, ndipo akakumana amawononga impso, maso ndi mtima mofulumira. Choncho wodwala shuga amene akuyeza nsima mosamala koma osayeza mchere wa mu msuzi wagwira theka la ntchito.

Mukagula za m'paketi, werengani pamene alemba kuti sodium. Chiwerengerocho muchichulukitse ndi 2.5 kuti mupeze mchere: mamiligalamu 800 a sodium ndi magalamu 2 a mchere. Onaninso kuti chiwerengerocho ndi cha kapu imodzi kapena cha paketi yonse, chifukwa paketi imene munthu amamwa yekha nthawi zina inalembedwa kuti ndi ya anthu atatu kapena anayi. Mukathira kakyubu, musathirenso mchere. Adyo, jinja, tsabola, anyezi wokazinga bwino ndi madzi a mandimu othira pomaliza zimakometsa msuzi moti mchere wochepa sudandaulitsa. Lilime limazolowera pakapita milungu ingapo. Bakayawo ndi nsomba zina zothira mchere poumitsa muziyamba mwaziviika n'kutaya madziwo.

Za sitachi wokhuthalitsa msuzi musade nazo nkhawa kwambiri ngati ndi wochepa. Supuni yaikulu imodzi ya ufa wa chimanga wosalala ili ndi magalamu pafupifupi 7 a sitachi, ndipo ikagawidwa kwa anthu anayi sipatsala kanthu kodetsa nkhawa.

Supu wa mang'ina ndi wa mafupa amati amapatsa mphamvu. Ndi woyenera kwa ine?

Sakweza shuga mwachindunji chifukwa mulibe sitachi. Koma mang'ina, mafupa a mafuta a m'kati, mutu ndi zam'kati zimatulutsa mafuta ambiri olimba, amene si abwino kwa mtima ndi kwa wofuna kuchepetsa thupi. Njira yosavuta ndi kuphika msuziwo dzulo lake, kuuziziritsa msanga n'kuuika mu firiji. M'mawa mupeza mafuta atauma pamwamba, oyera ngati kandulo, oti n'kuwachotsa ndi supuni. Chonjenjemera chija chili pansi pake si mafuta, ndi mapuloteni ochokera m'minyewa ndi m'khungu, ndipo chimenecho mukhoza kudya. Opanda firiji angadikire kuti poto isiye kubwata kwa mphindi zingapo, mafuta ayandame, n'kuwawengula. Kusiya msuzi wa nyama usiku wonse pamalo otentha n'kuika moyo pachiswe. Mbiri yoti supu wa mafupa amalimbitsa mafupa a munthu ndi yokokomeza, poti kashiamu amene amasungunukira m'madzimo ndi wochepa. Usipa kapena matemba odya ndi minga yomwe amapereka wochuluka kuposa pamenepo. Odwala gout asamale ndi msuzi wa nyama wowira nthawi yaitali, chifukwa zimene zimayambitsa kutupa kwa mfundo zimasungunukira mu msuziwo.

Pali kusiyana pakati pa supu wogaya ndi wa zidutswa?

Kulipo. Mbatatesi, mpunga kapena dzungu zikagayidwa zimagayikanso msanga m'mimba, ndipo shuga amakwera mofulumira. Komanso m'supu wogaya simungaone kuti muli chiyani, ndiye ngati sanaphikidwe pamaso panu simungamuyeze. Wa masamba okhaokha mukhoza kugaya mmene mungafunire.

Kodi ndingamwe supu yekha madzulo m'malo mwa chakudya kuti ndichepe thupi msanga?

Zimadalira supuyo ndi mankhwala amene mukumwa. Supu amene ali ndi masamba, nyama kapena nyemba, ndi chokhutitsa cha muyezo wanu ndi chakudya chathunthu, ndipo palibe cholakwika kumudya madzulo. Koma msuzi wa masamba wokha si chakudya. Kwa amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, kugona atangomwa msuzi wotero n'koopsa, chifukwa mankhwalawa amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Shuga akatsika kupitirira 70 mg/dL, yomwe ndi 3.9 mmol/L, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umagunda, amasokonezeka, ndipo akhoza kukomoka ali m'tulo. Zikayamba, amwe msanga masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kapena theka la tambula ya chakumwa chotsekemera, aonenso pakatha mphindi 15, kenako adye chakudya chenicheni. Metformin payekha sakonda kutsitsa shuga chonchi, komabe kusintha kwakukulu kwa kadyedwe muzikambirana kaye ndi achipatala kuti aone ngati mankhwala akufunika kusinthidwa.

Palinso ndondomeko zimene zimazungulira pa WhatsApp, zoti munthu azingomwa supu wa kabichi kwa masiku 7. Sikelo imatsikadi, koma chachikulu chimene chachoka ndi madzi, pamodzi ndi minofu ina, ndipo zimabwerera munthu akayambanso kudya. Kabichi alibe mphamvu yosungunula mafuta a m'thupi. Kwa wodwala shuga amene ali pa mankhwala, ndondomeko yotereyi ndi yosayenera kuyesa n'komwe.

Tsiku limene mwadwala, mukusanza kapena kutsegula m'mimba, nkhani imasintha. Pamenepo supu wothira mchere pang'ono ndi mpunga kapena mbatatesi amathandiza kubwezeretsa madzi ndi kuteteza shuga kuti asatsike kwambiri. Ngati simukutha kusunga ngakhale madzi m'mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndili ndi vuto la impso ndipo anandiuza kuti ndichepetse madzi. Malangizo onsewa akundikhudza?

Ambiri mwa iwo ayi, ndipo ena ndi otsutsana ndi zimene inu muyenera kuchita. Kwa munthu amene impso zake zafooka kwambiri, monga amene amapita kukasefedwa magazi pa makina ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena ku Kamuzu Central Hospital, madzi a m'supu amawerengedwa mofanana ndi madzi akumwa, tiyi, thobwa ndi phala. Kawirikawiri muyezo wa tsiku umakhala mamililita 500 kuphatikiza kuchuluka kwa mkodzo wa dzulo lake, koma dokotala wanu ndiye amaika chiwerengero chenicheni. Bakuli imodzi ya supu ikhoza kumaliza theka la muyezo umenewo, ndipo mchere wake umabweretsa ludzu loti mumwenso. Odwala mtima amene amatupa miyendo ndi kubanika nawonso nthawi zina amapatsidwa malire a madzi ndi mchere.

Chachiwiri ndi potaziyamu. Impso zofooka zimalephera kumuchotsa, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Amapezeka wambiri mu mbatatesi, mbatata, nthochi, tomato, nyemba ndi masamba obiriwira, ndipo amasungunukira m'madzi ophikira. N'chifukwa chake odwala impso amene potaziyamu wawo ndi wokwera amauzidwa kuti aziduladula mbatatesi ndi masamba, kuziwiritsa m'madzi ambiri, n'kutaya madziwo. Supu amachita zosiyana ndi zimenezi: amasunga madzi omwe aja. Chidulo, poti ndi madzi a phulusa, chili ndi potaziyamu wambiri, ndipo soda wophikira therere amawonjezera sodium. Mchere wa m'masitolo wolembedwa kuti ndi wa sodium wochepa nthawi zambiri umakhala wosakaniza ndi potaziyamu, ndiye wodwala impso asaugwiritse ntchito asanafunse. Ngati muli m'gulu limeneli, msuzi ukhale wongonyowetsa mbamu, masupuni ochepa, ndipo muyezo wake mukambirane ndi katswiri wa kadyedwe wa kuchipatala chanu.

Kunyumba timaphika poto imodzi, ndipo ku ukwati kapena kumaliro sindisankha. Nditani?

Kunyumba, pemphani wophika kuti akupatulireni gawo lanu asanathire mchere womaliza, kakyubu kapena ufa wa supu. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo siifuna poto yachiwiri. Koma ndikhulupirira kuti chabwino koposa n'chakuti banja lonse lichepetse mafuta ndi mchere, chifukwa matenda a shuga ndi BP amayenda m'magazi a pabanja, ndipo ana amene akukula akudya msuzi wa mchere wambiri adzavutika kuusiya. Wodwala amene amadya zosiyana ndi anzake tsiku lililonse amatopa, ndipo ambiri amasiya muyezo chifukwa chodzimva kuti asalidwa, osati chifukwa cha njala.

Kumwambo kumavuta chifukwa wopakula amaonetsa ulemu pothira msuzi wambiri pamwamba pa mpunga. Nenani msanga mbale isanadzaze: “Mayi, msuzi pang'ono chabe, masambawo ndiwo muchulutse.” Palibe amene amakhumudwa ndi pempho lotere, makamaka mukatchula kuti ndi malamulo a kuchipatala. Ngati mukudzipakulira, lowetsani chipande pansi n'kukweza nthuli, mafuta a pamwamba atsale. Pakakhala mpunga, mbatatesi za mu msuzi ndi nsima, sankhani chimodzi. Kulesitilanti pemphani kuti msuzi ubwere m'kambale kapadera, kuti muthire nokha.

Ndingadziwe bwanji kuti bakuli yanga ya supu ikugwirizana ndi thupi langa?

Ngati muli ndi kachipangizo koyezera shuga, yezani musanadye, kenako muyezenso pakatha maola awiri kuchokera pamene munayamba kudya. Kwa akuluakulu ambiri odwala shuga, cholinga chimakhala kuti chiwerengero chachiwiricho chisafike 180 mg/dL, yomwe ndi 10 mmol/L, ngakhale dokotala akhoza kukuikirani china malinga ndi msinkhu, mimba kapena matenda ena. Timapepala toyezera n'todula, ndiye musawononge poyeza mwachisawawa. Sankhani supu amene mumadya kawirikawiri, muyeze pa iyeyo masiku awiri osiyana ndi bakuli yomweyo ndi nsima yofanana. Chiwerengero chikakwera, chotsani theka la nsima kapena mbatatesi ulendo wotsatira, masamba ndi nyama zikhale momwemo, muyezenso. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Opanda kachipangizo alembe zimene amaika m'poto, chiwerengero cha anthu odya, ndi makapu amene iwo amamwa, kwa mlungu umodzi tsiku la kiliniki lisanafike. Pepalalo mupite nalo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka munyamulenso bakuli imene mumadyera. Namwino kapena katswiri wa kadyedwe akaiona akhoza kukulozerani ndi chala pamene supu ayenera kulekezera, ndi kukuuzani kuchuluka kwa nsima yoyenera kutsagana naye.